Bambo Ali pa Mashini

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, nanga ana? Kachifuwa kaja ka wamng'onoyo kanatha? Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani mukamakwera makwerero a kuntchito kwanu. Kuno ine m'thupi ndili bwino. Amayi akudzuka ndipo akuyenda, kungoti chakudya akumangochigwiragwira n'kukankha mbale. Za bambo ndiye zimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni.

Musanapitirire ndikupempheni kanthu. Ngati kalatayi yakupezani muli kuntchito, ipindeni, muiike m'thumba, mukaiwerengere kunyumba mutakhala pampando, alamu ali pafupi. Ndaipatsira msuweni wathu wa thiraki uja, ndipo ndamuuza mobwerezabwereza kuti asakupatsireni pageti. Koma mukumudziwa, makutu ake amamva injini yokha.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata foni ilipo. Ndayesa, achimwene. Ndimatsegula nambala yanu, kuiyang'ana, n'kubwezera foniyo m'chikwama. Nkhaniyi inakhotera pafoni pomwepo, ndiye ndaona kuti ndiiwongolere papepala, pamene mawu amakhala phee mpaka munthu awamvetse.

Ndiyambira patali pang'ono, mundipirire.

Mukudziwa kuti mawu akuti mashini tinakula nawo ngati m'bale wathu wachitatu. Kwa bambo chilichonse chokhala ndi waya, gudumu kapena chopotokola chinali mashini. Wailesi, mashini. Simbi yositira, mashini. Chometera ndevu, mashini. Ngakhale kachitsulo kotsegulira zitini, akakasowa ankafuula kuchokera kuchipinda kuti ndani watenga mashini anga, ife n'kumathamangira uku ndi uku osadziwa chimene tikufunafuna.

Mukukumbukira tsiku lija munachokera kusukulu ndi buku la matanthauzo a mawu a Chingerezi, mapewa ali m'mwamba? Munawauza bambo kuti eni chilankhulocho amasiyanitsa, kuti za kukhitchini zili ndi dzina lake, zogwira m'manja zili ndi lake, ndipo chotsegulira zitini si mashini ayi. Bambo anachotsa mapini pakamwa n'kukuyankhani kuti mawuwo anawagulira limodzi ndi mashini awo osokera, tsono ndi awo, awagwiritsa ntchito mmene afunira. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Inu munakwiya, tsiku limenelo simunadye.

Sizinathere pa zitsulo. Munthu wolimbikira ntchito, kwa bambo anali mashini. Mayi wolongolola uja wa nyumba yoyandikana nafe anali mashini osowa mafuta. Ine ananditcha Bobini, kachitsulo kaja kokulungapo ulusi m'mashini osokera, chifukwa ndinali kakang'ono ndipo ndinkangozungulira pamapazi pawo, dzina limene landikakamira mpaka lero ndili munthu wamkulu. Ndipo inu mutakana utelala n'kupita kukaphunzira kuyendetsa kireni, anakhala masiku osakulankhulani bwinobwino, kenaka anayamba kuuza kasitomala aliyense kuti mwana wawo ali pa mashini aakulu kuposa awo, onyamula zitsulo kumwamba. Kwa inu sananenepo zimenezi, ndikudziwa. Ankauza anthu odzayesa mathalauza, tepi ili m'khosi.

Kusitolo ya hadiweya kumene ndimagwira ntchito, mawu omwewa ndimakumana nawo kuyambira potsegula mpaka potseka. Munthu amalowa n'kunena kuti akufuna mashini a madzi. Ndikamutengera pampu, amati ayi, owiritsira. Wina akuti mashini a tsitsi, ndikamupatsa ometera, iye akufuna oumitsira. Mayi wina anandiyendetsa mashelefu onse kufuna mashini a mazira, ine n'kumamuonetsa ofungatira kuti aswe anapiye, chonsecho iye akufuna kotakasira mazira a keke.

Ndinaphunzira kusanyamuka pakauntala ndisanafunse kuti mashini a chiyani. Funso limenelo ndimalifunsa tsiku lonse. Inu simunalifunse tsiku lija munaimba foni, ndipo sindikukuimbani mlandu, chifukwa m'nyumba mwathu mawu akuti bambo ali pa mashini anali ndi tanthauzo limodzi lokha.

Ankatanthauza kuti chitseko cha chipinda cha kutsogolo chatsekedwa, musagogode, yendani pang'onopang'ono. Ankatanthauzanso kuti pakhomo pali bwino. Bambo akadwala nyumba inkangoti zii, ndipo akadzuka, achibale n'kufunsa, amayi sankanena kuti achira. Ankangoti ali pa mashini, anthu mitima n'kukhala pansi.

Tsopano nkhani yake nayi.

Inu mukudziwa kuti bambo anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo anatuluka. Mpaka pamenepo zonse zimene munauzidwa ndi zoona. Atatuluka anamva kuti mwapempha tchuthi kuti mudzawaone, basi anatsitsa nsalu yotuwa ija akhala akuisunga pamwamba pa kabati, nati akusokerani jekete. Miyeso yanu anati ali nayo m'mutu. Anangoonjezera pamimba, akuti pachithunzi chija munatumiza zikuoneka kuti alamu akukusungani bwino. Tinawaletsa kuti adikire mphamvu zibwerere, koma inu mukuwadziwa.

Tsiku lake unali m'mawa, ine ndikuvala nsapato kuti ndizipita kuntchito, amayi akutsuka makapu. Mashini ankalira kuchipinda cha kutsogolo monga mwa masiku onse. Kenaka amayi anasiya kapu n'kundifunsa ngati ndikumva. Ine ndinati ndikumva mashini basi. Iwo anati bambo ako sasoka choncho, amasoka, kuima, kutembenuza nsalu, n'kusokanso. Apa mota watsopano uja munawatumizira ankangolira osalekeza.

Tinawapeza atagwera pathebulo la mashini, tsaya lili pansalu, phazi likadali pachopondera. Ulusi unali utaduka kale, singano ikungobaya malo amodzi. Ndinazula pulagi pakhoma. Maso awo anali otsegula pang'ono, koma sanatione.

Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Anawalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ife n'kutsala pabenchi la m'khonde. Patapita nthawi anatuluka namwino n'kutiuza kuti bambo akulephera kupuma paokha, ndiye awaika pa mashini. Amayi anamuyang'ana namwinoyo ngati sanamve bwino. Kenaka anagwedeza mutu, nati chabwino, ndi munthu wa mashini ameneyo.

Ndinkafuna kukuimbirani nthawi yomweyo, koma amayi anandilanda foni. Anati mwana wawo amakhala m'kachipinda kagalasi kumwamba kwenikweni, foni ili m'thumba, zitsulo zolemera zikulendewera pamitu ya ana a eni ake. Anandifunsa kuti uthenga wotere ukamupeza ali mommo, dzanja n'kunjenjemera, maliro adzalowa m'nyumba zingati. Anati tidikire bambo atsegule maso, tidzakuuzeni zoipa ndi zabwino pamodzi. Ndinawamvera, chifukwa nanenso ndinkafuna kukhulupirira kuti atsegula maso.

Ndiye munaimba Lamulungu lija masana. Tinali titangofika kuchokera kuchipatala, amayi asanavule n'komwe nsapato. Foni inali pathebulo, mawu akumveka kwa tonse. Munapereka moni, munafunsa ngati denga la kubafa linakonzedwa, kenaka munati tiwapatse bambo foni.

Amayi anandiyang'ana. Achimwene, mayi wathu sanayambe watinamizapo, ngakhale pa zazing'ono. Ndinawaona akufunafuna mawu oti si bodza, ndipo anawapeza. Anati bambo ako ali pa mashini.

Munaseka. Kuseka kwanu kuja kukundilirabe m'makutu. Munati mdala ameneyo ndi mashini enieni, dzulodzuloli anali pabedi la kuchipatala, lero wayamba kale kuponda. Munati poti achira, tchuthi chija muchisuntha, mudzabwere kumapeto kwa chaka sukulu zitatsekera kuti ana adzaone agogo awo. Ine ndinali nditaimirira pomwepo, koma ndinakusiyani mukhulupirire zimenezo. Pamenepo ndinakulakwirani, ndipo sindibisala kumbuyo kwa amayi.

Potsanzika munanena mawu ena, mwina mwawaiwala. Munati, "Muwauze atsikepo pa mashinipo, apume. Agwira ntchito yokwanira." Amayi anati amva. Foni itaduka anakhala pampando chikhalire, nsapato zili kumapazi, mpaka tiyi amene ndinawapangira anazizira.

Phukusi lanu linafika m'kati mwa sabata: lamba watsopano wa mashini osokera, kabotolo ka mafuta ndi masingano. Munasankha bwino, ndi saizi yake yeniyeni. Amayi analiika pathebulo la mashini pambali pa sizasi, n'kutseka chitseko.

Makasitomala akubwerabe. Dzulo kunafika bambo wina wa njinga, anaima pakhonde n'kufuula monga achitira onse kuti kodi atelala ali pa mashini? Ine ndinatuluka ndi thalauza lake lili losapinda m'miyendo, n'kumuuza kuti eya, ali pa mashini, koma a kuchipatala. Anavula chipewa, analandira thalauzalo ndi manja awiri, n'kumapita akukankha njinga osaikwera. Pamenepo ndinaona kuti mawu awiri okha ndi amene ndinalephera kukuonjezerani pafoni paja, mawu amene ndawauza munthu wongodutsa. Ndi chimene chandikhazika pansi ndi cholembera.

Ndikuuzeni za mashini enawo, kuti mukadzalowa musadzadzidzimuke. Ndi bokosi loyera lokhala pa timagudumu, lili ndi kagalasi koonetsa manambala ndi mizere yoyenda. Kuchokera pamenepo papita paipi yofewa mpaka kukamwa kwa bambo. Ine wogulitsa zipangizo, tsiku loyamba ndinapezeka ndikusuzumira kuseri kuti ndione ngati pulagi yake yalowa bwino pakhoma. Amalira motsitsa, kukankha mpweya ndi kuutulutsa, kukankha ndi kuutulutsa, ndipo chifuwa cha bambo chimatsatira. Amenewa saima kuti atembenuze nsalu.

Bambo atsika thupi. Ndevu ndimawameta ine, ndi chometera chawo chomwe chija. Manja awo ayera, m'zikhadabo mulibenso choko, koma khungu lolimba lija la pachala chachikulu, pamene sizasi inkakhala, likadalipo. Amayi amagwira pamenepo. Amawauza amene wabwera kudzafunsa zovala zake ndi amene wapereka moni. Tsiku lina anafunsa namwino ngati mashiniwo amawathira mafuta, chifukwa wagonayu sakonda mashini ouma. Namwinoyo sanaseke. Anati amawasamala bwino, asade nkhawa.

Dzana dokotala anatiitanira m'kachipinda ka mipando yochepa, ka zenera loyang'ana khoma lina. Ndi mayi wodekha, amalankhula akukuyang'ana m'maso. Tinalipo ine, amayi ndi amalume. Anatiuza kuti ayesa zonse, ajambula m'mutu kangapo, ndipo chimene chinaonongeka sichibwerera. Anati amene akupuma si bambo, ndi mashini akuwapumira. Anatinso thupi layamba kutopa, mtima ukhoza kuima wokha tsiku lililonse ngakhale mashiniwo akulira. Kenaka anati banja liganize ngati nthawi yakwana yoti tiwachotse pa mashini, apume.

Amayi anandigwira mkono mpaka zikhadabo kundilowa. Tikutuluka anandinong'oneza kuti wamva, ndi mawu a mlongo wako aja.

Achimwene, mawu akuti apume amenewa andisautsa. Kupuma kokoka mpweya ndi kupuma kosiya ntchito timakutchula chimodzimodzi, ndipo chibadwire sindinaonepo vuto. Lero bambo agona pakati pa kuwiriko. Ali pa mashini, akupuma koma sakupuma. Akatsika apuma, koma sadzapumanso.

Kuchokera nthawi imeneyo amayi sakukhazikika. M'mawa amati Mulungu ndiye anaika mawu aja m'kamwa mwanu, mwana woyamba wanena kale, ife ndife yani kuti tiziwaumiriza bambo ntchito. Pofika masana amati ayi, mawuwo anakuberani, munawanena muli mumdima umene anakuikanimo iwo, ndipo akawagwiritsa ntchito adzakhala atapha mwamuna wawo ndi pakamwa pa mwana wawo. Amalira osatulutsa mawu, akupinda ndi kupindanso tizidutswa ta nsalu. Amalume akuti iwo sangagamule za mlamu wawo mwana wamkulu ali moyo.

Ine ndinawauza amayi kuti mawu aja sakuwerengedwa, chifukwa munthu sangavomere chinthu chimene sakuchidziwa. Kenaka ndinabwerera kwa dokotala n'kumuuza kuti tikudikira mwana wamkulu. Anati iye adikira, koma sangalonjeze m'malo mwa mtima wa bambo.

Pali chinanso. Mukukumbukira lamulo la bambo lakuti mashini osazimitsa singano ili m'nsalu? Uyambe wakweza singano, udule ulusi, uchotse nsalu, kenaka uzimitse. Inu munalandirapo mbama padzanja chifukwa cha lamulo limeneli, ine n'kumakusekani kuseri kwa chitseko. Tsiku lija pozula pulagi sindinaganize zimenezo. Singano inaima ili pansi, ndipo jekete yanu ikadali pomwepo, mkono umodzi wolumikiza, winawo uli ndi mapini. Ndinafuna kuichotsa kuti isachite fumbi, amayi anandigwira dzanja. Akuti singanoyo adzaikweza mwini jekete.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwerani, achimwene. Musadikire kumapeto kwa chaka, musadikire kumapeto kwa mwezi. Ngati mawu akukanikani, aonetseni abwana anu kalata yomweyi. Ndipo mukaiwerenga musakwerenso kireni ngakhale akuchondelereni chotani, chifukwa mantha a amayi aja si opusa. Msuweni abwerera kuno akangotsitsa katundu, mukhoza kukwera naye, kapena basi yoyamba imene mungaipeze. Musayendetse nokha galimoto. Musavutikenso ndi kutigulira kanthu, kuno tikufuna inu.

Ndikudziwa mukwiya. Mwina pano mwaimirira kale, mukuzungulira m'nyumba manja ali kumbuyo monga mumachitira. Kwiyani, chifukwa chake chilipo. Koma mkwiyowo mudzautulire pa ine, ndidzausenza. Amayi musadzawafunse kuti munandinamiziranji, pakuti funso limenelo akudzifunsa okha tsiku ndi tsiku ndipo lawadya kale mokwanira. Sakudziwa kuti ndalemba. Ndiwauza thiraki ikanyamuka, kuti asakhale ndi mpata woibweza kalatayi.

Mwina mufuna kudziwa kuti ineyo ndikuganiza chiyani. Maganizo ndili nawo, koma sindiwaika papepala, kuopa kuti munganyamuke nawo ngati anu. Takuikirani kale mawu m'kamwa kamodzi, kwakwana. Ndidzakuuzani tili awiri pabenchi lija la m'khonde, mutatuluka kowaona.

Sindikukuitanani kuti mudzasenze nokha chinthuchi. Bambo ndi athu tonse, ndipo ine ndidzaima pambali panu. Ndikungofuna mudzawaone ndi maso anu, mudzagwire chala chija, mudzamve kulira kwa mashiniwo. Mukatero, mawu aja mudzawanenenso mukudziwa chimene mukunena, kapena mudzanene ena. Alionse amene mudzanene amayi adzatha kuwalandira, chifukwa adzakhala anuanu.

Mtima ukundiwawa, achimwene, ndipo ndatopa. Kusitolo munthu akati akufuna mashini, ndimayamba ndaganiza za bambo ndisanafunse kuti a chiyani. Ndikafika kunyumba ndimadutsa pachitseko cha chipinda cha kutsogolo ndikuyenda pang'onopang'ono, ngakhale kulibe womusokoneza. Ndakusowani kwambiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudalira iwo kuti akulongedzereni chikwama ndi kukuperekezani kokwerera. Ana muwafungatire m'malo mwanga, ndipo za agogo awo muwauze mmene inu makolo muonere. Amalume akupereka moni, akuti akudikirani.

Mukamaliza kuwerenga mudzafuna kuimba foni, ndikudziwa. Imbani, ndidzawapatsa amayi. Mukafunsa za bambo, iwo n'kuyankha kuti akadali pa mashini, ulendo uno mudzakhala mukudziwa kuti a chiyani. Ndiye kuti akukudikiranibe. Nyamukani.

Mulungu akutsogolereni panjira, akufikitseni nthawi ikadalipo.

Ndine mlongo wanu,
Bobini